Matimati a m'ndowa za amalume Nakhumwa

Chaka chakwana chimwalirireni amalume anga, a Fanuwelo Nakhumwa. Pa maliro awo mkulu wa mpingo anaimirira ndi kapepala n'kuwerenga mbiri yawo. Sanathe ngakhale mphindi ziwiri. Anati anabadwa chaka chosadziwika, anabatizidwa, anakwatira, anabereka ana aakazi awiri, anali mlimi wakhama ndiponso munthu wamtendere. Anthu anavomera. Ine ndinayang'ana pansi. Amalume sanali munthu wamtendere, ndipo zaka khumi ndi chimodzi zomaliza za moyo wawo analibe ngakhale mzere umodzi wolima. Mkulu wa mpingoyo ankawaona Lamulungu lokha, nalonso la apo ndi apo.

Sukulu ndinalekeza fomu 2, ndiye musayembekeze zokometsera. Ndilemba zomwe ndinaona.

Amalume anali achimwene awo a mayi anga, oyamba kubadwa. Ankakhala pa Migowi, m'nyumba yomwe kale inali sitolo ya Amwenye. Nyumbayo inadutsa m'manja mwa anthu angapo mpaka inafika kwa mayi Chikopa, mayi wamasiye wokonda kuseka, amene anaidula zipinda n'kuikamo anthu. Amalume anali ndi chipinda chakumapeto. Kutsogolo kwake kunali khonde la simenti, lokwera masitepe asanu, lofolera ndi malata. Pamenepo ndi pomwe ankagwirira ntchito yawo yokhoma zidebe: kumata ndowa zodontha, kuika matako atsopano pa mapoto, kusandutsa zitini kukhala koloboyi. Ine ndinkanyamulira mavenda nandolo pa njinga, ndipo masiku a msika ndinkapumira pakhonde lawolo. Sindinkapitira chikondi. Panali mthunzi.

Munda wawo unali pakhonde pomwepo. Ndowa khumi ndi zinayi, mizere iwiri, iliyonse ndi tsinde limodzi la matimati lomangiriridwa ku nsungwi ndi tinsalu tong'amba ku chitenje chakale. Ndowa sanagule ngakhale imodzi. Matipate atabwera kunabweranso ndowa zapulasitiki, zofiira, zobiriwira, zopepuka, ndipo anthu amene anasiya ndowa zachitsulo kuti zikonzedwe sanabwerenso kudzazitenga. Ntchito inkafa amalume akuiona. Iwo anangotenga msomali ndi hamala, n'kumaboola pansi ndowa zomwe anakhala akumata moyo wawo wonse.

Tsinde lililonse ankalitchula ndi dzina la mwini ndowa. Panali Aphunzitsi, panali Mkazi wa Kalaliki, panali Ashehe. Ukafika ankakupatsa nkhani zawo usanakhale n'komwe pansi. Aphunzitsi lero afota, mwina sanalandire. Mkazi wa Kalaliki masamba okhaokha, chipatso ayi, monga mwini wake. Sankaseka ponena zimenezi. Akakwiya nawo ankawatukwana m'Chilomwe.

Dothi ankakatenga okha m'munsi mwa phiri la Michesi, lakuda lija la pansi pa mitengo, thumba limodzi pa kaliyala ya njinga. Ankalisakaniza ndi manyowa a mbuzi ouma ndi phulusa pang'ono. Pansi pa ndowa ankayamba ndi zidutswa za njerwa kuti madzi asamaime. Ankathirira kutangocha, ndi kachitini, pa tsinde penipeni. Ukadonthezera madzi pa tsamba ankakuyang'ana ngati walavulira m'mbale mwawo. Tinthambi tomera m'khwapa mwa masamba ankatithothola ndi chikhadabo cha chala chachikulu, chomwe sankachiwenga dala, ndipo ankati amenewo ndi achibale obwera nthawi ya chakudya. Dzuwa likapendeka ankazungulitsa ndowa zonse, imodziimodzi, kuti mbali ina iwothenso. Munthu wa msana wopindika, kukoka ndowa khumi ndi zinayi tsiku ndi tsiku. Ndinkangowaonerera.

Nthawi ya mvula, matimati a m'madimba akapserera ndi chiwawu, awo ankakhala ofiira chifukwa denga linkateteza masamba. Apa m'pomwe anthu ankawadera. Sankagulitsa.

"Agogo, ndigulitseniko awiri okha, mlendo wandipeza," anatero mayi wina wa chipinda chapakati tsiku lina ine ndili pomwepo.

"Mlendo wanuyo wabwera ndi chiyani?"

"Ii, agogo, mlendo amabwera ndi kanthu?"

"Ndiye adye chomwe wabwera nachocho."

Mayiyo anachoka akung'ung'udza. Dzuwa lisanalowe anapeza matimati atatu pawindo lake. Amalume ankafuna kupereka okha, kwa yemwe afuna, nthawi yomwe afuna. Kupempha kunkawaipira, kugula kunkawaipira koposa.

Anakangana ndi anthu ambiri. Anakangana ndi mwini mbuzi zomwe zinkakwera masitepe, mpaka anamangirira mbuzi imodzi ku mzati tsiku lonse n'kuidyetsa makoko a chinangwa, ati ili m'ndende. Anakangana ndi bambo anga, omwe ankawatcha mlimi wa m'chitini. Chaka chomwe kunabwera timapaketi ta boma ta feteleza ndi mbewu, olemba maina anafika pakhondepo.

"Munda wanu uli kuti, bambo?" anafunsa mnyamata wa kope.

"Mwaupondapo."

"Tikunena munda weniweni."

"Uwu ndi wabodza? Thyolani chimodzi mulume. Ayi, musathyole. Ingoyang'anani."

Sanawalembe. Amalume anawaperekeza ndi mawu mpaka kumsewu, kenako anabwerera n'kuuza Ashehe kuti boma silikuwadziwa.

Anthu ankati ndi misala ya ukalamba. Sinali misala. Amalume anakwatira ku Nkhulambe, ndipo monga mwa mwambo wathu anakakhala kwawo kwa mkazi. Anakhala uchikamwini zaka zoposa makumi atatu. Anaumba njerwa, anamanga nyumba ya malata. Anabzala mango ndi nthochi. Anatsegula dimba m'mbali mwa mtsinje pomwe panali bango lokhalokha, n'kumalimapo matimati omwe mavenda ankachita kuwalondola. Kenako azakhali a Esinati, akazi awo, anadwala n'kumwalira. Atameta maliro, alongo a malemu anawakhazika pansi amalume n'kuwasudzula. Anawathokoza bwinobwino, ndi mawu aulemu, n'kuwauza kuti ndi omasuka kubwerera kwawo. Ana awo aakazi onse awiri anali atakwatiwa, ndipo amuna awo ankafuna polima. Palibe amene anaphwanya lamulo. Nthaka ndi ya akazi a pamudzipo, zomera pa nthakayo zimatsata nthaka. Matimati a m'dimba anali atayamba kufiira sabata yomweyo. Amalume anachoka ndi njinga, hamala, sizasi yodulira malata ndi bulangeti.

Kwathu nakonso kunalibe powaika. Theka la munda wa mayi anga linali litakwiririka ndi miyala yomwe napolo uja anatsitsa kuphiri, ndipo theka lotsalalo ankalima bambo anga, mkamwini winanso wamantha ndi malo ake. Amalume anakhala nafe miyezi itatu, akudya mosayang'ana munthu, kenako anapita pa Migowi.

Nkhani imeneyi sankaikamba. Chomwe ankanena kawirikawiri n'chakuti mbewu ukaiika pansi imayamba kumvera mwini nthaka, ngakhale uithirire ndi thukuta lako, koma ya m'ndowa ukathamangitsidwa umanyamula n'kupita nayo. Ine ndinkangoti ee, ee. Ndinkatopa nazo.

Tsopano ndinene chomwe ndinachita.

Chaka china m'chilimwe, lata linawacheka pa mwendo, bala linatukusira, ndipo anakagona ku chipatala cha mishoni mwezi ndi theka. Popita anandipatsa kiyi ndi kachitini kaja. Anandiuza kathiriridwe kake katatu konse, ngati ndine chitsiru. Matimati anali atangoyamba maluwa. Masiku anayi oyamba ndinachita monga ananenera. Koma mpopi unali kutali, dzuwa linali loswa mtengo, ndipo ndowa zikakhala pa simenti zimauma msanga. Ine ndinalinso ndi matumba anga a nandolo oti ndinyamule. Ndinaona kuti m'munsi mwa khonde, pambali pa masitepe, pansi pamakhala ponyowa nthawi zonse, chifukwa mpomwe madzi ochapira a mayi Chikopa ankatsikira. Ndinatsitsa ndowa zonse n'kuzindanda pamenepo, pa dothi. Ndinazitchingira ndi minga kuopa mbuzi. Ndinkathirira ndikakumbuka.

Matimati aja anakula momwe sindinawaonerepo. Masinde ananenepa ngati chala changa, anapitirira nsungwi. Ngakhale Mkazi wa Kalaliki anabereka. Ndinkanyada. Ndinkati amalume akabwera aona kuti wosaphunzira uja wawaposa.

Anafika masana, atakwezedwa pa njinga, ali ndi ndodo. Mayi Chikopa ndi amene anayamba kuwalandira, akupukuta manja pa chitenje.

"A Nakhumwa, mwachira? Taonani ana anu! Mwana wa mlongo wanuyu ndiye mlimi, inu mumangowazunza pa simenti."

Amalume anayang'ana khonde lopanda kanthu, anayang'ana ndowa, anayang'ana ine.

"Ndani watsitsa?"

"Ndine, amalume. Kumwambako zimauma."

"Ndinakuuza kuti utsitse?"

"Koma taonani mmene zaberekera."

Anayandikira ndowa ya Aphunzitsi, anagwira chogwirira n'kukoka. Ndowa sinasunthe. Anakokanso. Anagwada movutikira, mwendo wa bandeji atautambasula, n'kusuzumira pansi. Mizu yoyera inali itatuluka m'mabowo onse n'kulowa m'nthaka.

Mayi Chikopa anaseka. "Aa, zagwira! Ndiye basitu a Nakhumwa, zadya dothi langa, zamwa madzi anga. Apa ndiye tagwirizana, munda ndi wa tonse." Akunena choncho anawerama n'kuthyola matimati awiri akupsa, n'kuwaika m'chitenje. Ndikutsimikiza kuti ankangocheza. Mayiwo sanali oipa mtima, ankawapatsa amalume phala akadwala. Anathyola monga momwe munthu amathyolera chomera pakhomo pake, osaganiza n'komwe.

Amalume anawayang'ana matimati awiri aja mpaka analowa m'chitenje.

"Mwanena zoona, mayi," anatero. "Zomwe zadya dothi lanu ndi zanu. Thyolani zonse zakupsa."

"Ii, a Nakhumwa, ndimaseka ine."

"Ine sindikuseka. Thyolani. Iwe Lakisoni, kanditengere sizasi."

Ndinati, "Amalume, dikirani masabata awiri okha, zipse zonse, kenako..."

"Sizasi."

Ndinakatenga. Anandiuza kuti ndizipendeketsa ndowa, iwo n'kumadula. Sizasi ya malata pa mizu imalira ngati ukudula chingwe chonyowa. Tinadula ndowa zonse khumi ndi zinayi. Anthu a m'zipinda anatuluka kudzaonerera. Wina anati agogowa ku chipatala anawabaya jakisoni wolakwika. Mayi Chikopa anabweza matimati awiri aja, anawaika pa sitepe, koma amalume anawakankhira kumbali ndi ndodo osawayang'ana. Kenako anandilamula kukweza ndowa zonse pakhonde, iliyonse pamalo pake pakale. Ankadziwa pomwe iliyonse inkakhala.

Pofika mawa lake masamba anali atagwa ngati makutu a galu. Anathirira, anatchinga dzuwa ndi masaka, koma masinde aja anali atazolowera kumwa pansi, ndipo mizu yotsala m'ndowa sinakwanitse. Maluwa anayoyoka. Matimati aawisi anakwinyika, ena anada kumatako n'kugwa okha. Anapulumuka masinde atatu, nawonso osalongosoka. Ena onse anawazula, anakhutula dothi, analiyanika, n'kuyambiranso ndi njere zomwe ankasunga pa nyuzipepala.

Ndinawafunsa patapita masiku, mokwiya, kuti apindula chiyani. Ndinati mayi Chikopa akanadya angati? Asanu? Khumi? Otsalawo si akanakhala anu? Anandiyankha akukhoma poto, osatukula mutu. Anati ku Nkhulambe nakonso zinayamba ndi kuseka. Alamu awo ankabwera m'dimba n'kuthyola awiri, akuseka, akuti dimba lathu labereka chaka chino. Iwo nawo ankaseka. Anaseka zaka makumi atatu.

Mpaka lero sindikudziwa ngati anachita bwino. Chakudya chinawonongeka, chaka chomwe anthu ankadya ndiwo zopanda ngakhale tomato mmodzi. Koma amene anatsitsa ndowa ndine, chifukwa cha ulesi wa kumpopi, ndipo sanandinenepo za icho ngakhale kamodzi. Akanandilalatira zikanandipepukira. Anangosiya kundipatsa kiyi. Kuyambira pamenepo ndowa iliyonse ankaikhazika pa njerwa ziwiri, ngakhale pansi pali simenti, ndipo Loweruka lililonse ankapendeketsa imodziimodzi kuona ngati muzu watuluka. Ukatuluka ankaudula.

Ndi mayi Chikopa anapitiriza kulonjerana. Matimati atsopano atapsa anawatumizira anayi m'mbale yovindikira. Mayiwo analandira ndi manja awiri, ndipo sanayandikirenso ndowa zija.

Mwana wawo wamkulu, achemwali a Joyisi, anabwera kamodzi kudzawatenga. Mwamuna wawo anali atapita ku Joni osabwerera, ndipo dimba linali litamera bango.

"Bambo, tiyeni kumudzi. Dimba lija likungokhala. Mukalime momwe mufunira."

"Ndikalime la yani?"

"Ndi lanu lomwe lija, bambo. Munatsegula ndinu."

"Mwamuna wako akabwera?"

Achemwali anayang'ana ku ndowa, amalume n'kupitiriza.

"Kapena ukapeza wina?"

"Bambo, mukundinyoza."

"Sindikukunyoza, mwana wanga. Ndikufunsa."

Anawaphikira tiyi, anawapatsa matimati asanu ndi limodzi m'jumbo, anawaperekeza pokwerera. Pobwera anakhala pa sitepe nthawi yaitali, chipewa chili pa bondo. Tsiku limenelo sanazungulitse ndowa.

Anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa. Tinawanyamula kupita nawo kwathu atafooka kale, ndipo anakhala masiku awiri okha. Mawu omaliza omwe ananena kwa ine anali akuti phala lilibe mchere. Anaikidwa kumanda a kwathu, kumapeto, pafupi ndi miyala.

Patatha sabata tinapita pa Migowi kukachotsa katundu: mayi anga, achemwali a Joyisi ndi mng'ono wawo, ndi ine wonyamula. Anagawana bulangeti, mapoto, njinga. Atafika pa ndowa anati n'zolemera, sizinganyamulike ndi dothi. Matimati anali ndi zipatso zaziwisi, osathiriridwa masiku khumi, koma amoyo. Mayi anga anati zula. Ndinazula. Ndinakhutulira dothi lonse m'munsi mwa masitepe, mulu umodzi. Ndowa zisanu zomwe zinali zolimbako anatenga kuti azisungiramo makala ndi chakudya cha nkhuku. Zotsalazo zinapita kwa ogula zitsulo zakutha. Sindinatsutse. Ndikanazitengera kuti? Nane ndimagona m'nyumba ya eni.

Sabata yatha ndinadutsa pa Migowi ndi matumba, ndipo ndinaima. Mulu wa dothi uja palibe. Mayi Chikopa anautuntha ndi beseni n'kukauthira kuseri kwa nyumba, pomwe abzala mpiru. Atandiona anathamangira kuseriko n'kubwera ndi mpukutu waukulu, masamba otambalala ngati mbale.

"Tenga, mwanawe, ukapatse amayi ako. Dothi la amalume ako lija ndi lamphamvu, sindinathirepo feteleza ngakhale pang'ono."

Ndinafuna kukana. Ndinalandira. Kunyumba kunalibe ndiwo.

Chipinda chija sichinapeze munthu, chitseko chili ndi loko watsopano. Ndinakwera masitepe ndi mpiru wanga m'manja. Khondelo ndi lalikulu kuposa momwe ndinkaganizira. Njerwa anazitenga ana. Pa simenti patsala madontho a dzimbiri pomwe madzi ankadonthera, mizere iwiri, ndipo pakona pomwe ankakhomera zidebe simenti inakumbika kabowo kokwana chibakera. Mbuzi zimagona pamenepo masana. Zinali zitatu. Zinandiyang'ana, sizinadzuke, ndipo ine sindinazithamangitse.